Kasamalidwe ka mafuta a injini ya boti kuchokera ku Limbe mpaka pagombe

Msodzi aliyense amene ali ndi boti la injini amadziwa mantha amene amagwira alovi injini ikazima pakati pa nyanja usiku, mwera utayamba kuwomba. Boti limene injini yake yazima silingathenso kuloza mafunde. Limatembenuka n'kugona chopingasa, madzi n'kumalowa, ndipo nkhafi ziwiri kapena zitatu sizithandiza kwenikweni pa boti lodzaza ukonde wonyowa, nsomba ndi anthu.

Zikatere timathamangira kunena kuti injini yakalamba kapena kuti makaniko anaiwononga, ena mpaka kuganizirana ufiti. Koma kawirikawiri amakaniko akamasula kabuleta amapezamo madzi, mchenga, dzimbiri kapena phula la petulo wokhalitsa. Injini inali bwinobwino, choipa chinali mafuta. Nkhani ino ikufotokoza mmene mafuta amaipira, mmene mungawayesere komanso zimene banja la msodzi ndi komiti ya pagombe ingachite kuti ngozi zotere zichepe.

KODI BLANTYRE NDI LIMBE ZIKUBWERAMO BWANJI?

Mabanja ambiri a asodzi a ku Mangochi, Malombe, Chilwa ndi kuchigwa cha Shire amagulitsa nsomba zawo mumzinda wa Blantyre. Usipa, utaka, matemba ndi milamba zimatsikira pa msika wa Limbe n'kufalikira ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chirimba ndi misika ina. Amayi ndi abambo amene apita ndi nsombazo sabwerera chimanjamanja. Amagula maukonde, ulusi, mapulagi, oyilo wa injini, ndipo mafuta akasowa kunyanja ena amagulanso petulo. Choncho zambiri zimene zimalowa mu injini ya boti zimagulidwa ndi munthu amene mwina sakwera n'komwe botilo. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi ya banja lonse.

Dziko lathu silikumba kapena kuyenga mafuta. Petulo, dizilo ndi parafini zimabwera kudzera m'madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique komanso Dar es Salaam ku Tanzania. Kampani ya boma ya National Oil Company of Malawi, NOCMA mwachidule, ili ndi nkhokwe za mafuta ku Matindi m'boma la Blantyre, ku Kanengo ku Lilongwe ndi ku Sonda ku Mzuzu, zimene zinamangidwa kuti zonse pamodzi zizisunga malita 60 miliyoni. Kuchokera m'nkhokwe ndi m'madepoti a makampani, mafuta amapita m'malo omwetsera mafuta. Mpaka apa amakhala akuyenda m'mathanki otseka ndipo pamakhala owayang'anira. Akangolowa m'chigubu, woyang'anira ndinu.

Chinthu china choyenera kuchidziwa n'choti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, amene ndi mtundu wa kachasu wamphamvu wopangidwa kuchokera ku zotsalira popanga shuga. Kusakanizaku kunayamba mu 1982 pamene fakitale ya Ethco inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo mu 2004 fakitale ya PressCane inayambanso ntchito ku Chikwawa. Ethanol amathandiza dziko kupulumutsa ndalama zakunja ndipo amayaka bwino mu injini. Vuto lake ndi limodzi: amakoka madzi. Msodzi amene amagwira ntchito pamadzi ayenera kusamala kuposa mwini galimoto wa mumzinda.

ZINTHU ZIMENE ZIMAWONONGA MAFUTA

1. Madzi

Madzi ndi olemera kuposa mafuta. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene lita ya dizilo imalemera pafupifupi magalamu 830 ndipo ya petulo pafupifupi magalamu 740. Kotero madzi amakhala pansi pa thanki, pamene pali kukamwa kwa payipi yokoka mafuta.

Madzi amalowa kudzera m'zigubu zotsukidwa koma zosaumitsidwa, mvula, mafunde ogavira pa chitsekerero ndiponso chinyezi cha mumpweya. Masana thanki ikatentha imatulutsa mpweya, usiku ikazizira imakoka mpweya wina wachinyezi, ndipo chinyezicho chimasanduka timadontho ngati mame m'kati mwa thanki. Thanki yokhala ndi mafuta ochepa imakoka mpweya wambiri kuposa yodzaza.

Ethanol amene ali m'petulo amameza madzi ochepa popanda vuto. Koma madziwo akapitirira muyeso, ethanol amalekana ndi petulo n'kutsikira pansi pamodzi ndi madziwo. Ngati ethanol ali gawo limodzi mwa magawo khumi a petuloyo, madzi okwana pafupifupi mamililita 100, osakwana n'komwe kapu ya tiyi, ndi okwanira kuwononga chigubu cha malita 20. Zotsikira pansizo ndi zimene injini imayamba kumwa. Siziyaka bwino, komanso sizikhala ndi oyilo amene munasakaniza, choncho zitsulo za m'kati zimakhulana zouma. Petulo wotsala pamwamba nayenso amakhala atachepa mphamvu.

2. Mchenga, fumbi ndi dzimbiri

M'kabuleta muli timabowo todutsa mafuta, tina tochepa kuposa milimita imodzi, ngati pamene paboola singano. Kamchenga kamodzi kakhoza kutseka kabowo kotere. Pagombe mchenga umapezeka paliponse: pakamwa pa chigubu, pa fanulo imene yaikidwa pansi, m'manja ndi pa cholumikizira payipi. Dzimbiri limachokera m'migolo ndi m'mathanki achitsulo amene munakhala madzi. Mapayipi akale nawonso amadyeka ndi ethanol n'kumatulutsa tizidutswa takuda.

3. Parafini ndi zosakaniza zina

Anthu ena osakhulupirika amathira parafini m'petulo kapena m'dizilo kuti achuluke. Petulo wa parafini amavuta kuliza injini, amatulutsa utsi wambiri, amadetsa mapulagi ndipo amachititsa injini kugogoda ndi kutentha mpaka pisitoni kuwonongeka. Mu dizilo, parafini amachepetsa kuterera kumene pampu ndi mainjekita zimadalira, kotero zimatha msanga. Kusakanizikaku kumachitikanso mwangozi pakhomo, chigubu chimodzi chikamagwira ntchito zonse. Mafuta ophikira otsalira m'chigubu nawonso amasiya zomata m'kabuleta.

4. Kukhalitsa

Petulo sali ngati chimanga choti n'kusunga chaka chonse. Akakhala pamalo otentha, mbali yake yopepuka imene imathandiza injini kulira msanga imauluka, ndipo yotsalayo imayamba kusanduka phula. Petulo wotere amada ngati tiyi ndipo fungo lake limakhala ngati la vanishi. Yesetsani kugwiritsa ntchito petulo mwezi usanathe chimugulireni, makamaka ngati mwasakaniza kale ndi oyilo.

5. Tizilombo ta m'dizilo

Pamene dizilo wakumana ndi madzi pansi pa thanki pamaswana tizilombo tosaoneka ndi maso ndiponso nkhungu. Timakhala m'madzimo n'kumadya dizilo, ndipo timasiya zinthu zakuda zonanda ngati mamina zimene zimatseka masefa. Kutentha kwa kunyanja kumatithandiza kuswana msanga. Popanda madzi sitingathe kuchulukana, choncho mankhwala ake enieni ndi kuchotsa madzi m'thanki.

ZIMENE TINGAPHUNZIRE KWA OWOLOKA NYANJA ZAMCHERE

Kumaiko ena kuli anthu amene amawoloka nyanja zikuluzikulu zamchere ndi maboti a dizilo osaposa kwenikweni maboti okoka makoka amene timawaona ku Mangochi. Mwachitsanzo, mu 2004 maboti 18 a mtundu wotere ananyamuka ku Fort Lauderdale m'dziko la America kupita ku Gibraltar kudzera pa zilumba za Bermuda ndi Azores. Pakati pa Bermuda ndi Azores pali mtunda woposa makilomita 3,000 wopanda doko, kutanthauza ulendo wa masiku oposa sabata injini isanazimitsidwe. Nyanja yathu ya Malawi, kuchokera kumwera mpaka kumpoto, siikwana makilomita 600.

Amalinyero amenewa amadziwa chinthu chimodzi chimene chimatikhudza ifenso. Pamene nyanja ili bata, madzi ndi zinyalala zimangokhala phee pansi pa thanki ndipo injini imalira bwino kwa miyezi. Tsiku limene kwachita mafunde, boti limakhutchumula thanki, zapansi zonse zimavunduka n'kulowa m'payipi. Motero injini imazima pa nthawi imene mukuifunitsitsa. N'chifukwa chake maboti ambiri amavutika m'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ngakhale kuti dzulo lake injini inali yosadandaulitsa.

Pofuna kupewa zimenezi iwo amachita zinthu izi. Amayesa mafuta asanawalandire padoko. Sapereka ku injini mafuta ochokera m'thanki yaikulu mwachindunji, koma amayamba awasefera m'kathanki kakang'ono kokwanira tsiku limodzi. Amakhala ndi pampu yozungulitsa mafuta kuchokera m'thanki, kudutsa pa sefa, n'kubwereranso m'thanki momwemo mpaka atayera. Amaika masefa awiri moyandikana kuti imodzi ikatsekeka atsegule inayo injini ili chilirire. Komanso tsiku ndi tsiku amayang'ana kambale kagalasi kamene kali pansi pa sefa ndi kukhetsa madzi amene asonkhanamo.

Zipangizo zawo ndi zodula, koma nzeru yake siilira ndalama. Kudikhitsa mafuta, kusefa, kusiya zapansi, kuyang'ana tsiku lililonse ndi kukhala ndi mafuta apadera oyesedwa kale ndi zinthu zimene msodzi wa pa Makanjira, Msaka kapena Kachulu angathe kuchita ndi chigubu, fanulo ndi botolo.

POGULA MAFUTA MUMZINDA

Ngati ku Mangochi, Monkey Bay, Liwonde kapena Zomba mafuta alipo, gulani komweko. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Mangochi ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 190, ndipo mafuta akamayenda mtunda wautali ndi kusinthidwa m'zigubu zambiri mpata woipa umachulukanso. Koma ngati mwakakamizika kugula ku Blantyre kapena ku Limbe, tsatirani izi:

a) Gulani pamalo omwetsera mafuta ovomerezeka ndipo tengani lisiti. Bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority, lodziwika kuti MERA, ndi limene limapereka ziphaso kwa ogulitsa mafuta ndi kulandira madandaulo a ogula, pamene bungwe la Malawi Bureau of Standards limayesa mapampu ngati akupereka muyeso woyenera. Popanda lisiti n'kovuta kudandaula.

b) Pa nthawi za kusowa kwa mafuta, monga mu 2011 ndi 2012 komanso kuyambira 2022 mpaka 2024, mavenda a mafuta anachuluka m'mbali mwa misewu. Kugulitsa mafuta popanda chiphaso n'kuphwanya lamulo, ndipo inu ogula simudziwa kuti mafutawo adutsa m'zigubu zingati kapena athiridwamo chiyani. Pa nthawi ngati zimenezi MERA yakhala ikuletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo, choncho funsani ku ofesi ya za usodzi ya m'boma lanu za ndondomeko imene ilipo musananyamuke. Safunsa anadya phula.

c) Ngati galimoto yonyamula mafuta ikutsitsa kapena yangomaliza kumene, dikirani kanthawi, chifukwa zapansi pa thanki ya pamalopo zimakhala zitavunduka. Samalaninso kukagwa mvula yosefukira ngati ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pakuti madzi angathe kulowa m'mathanki apansi.

d) Pitani ndi chigubu chanuchanu chouma, chokhala ndi chitsekerero cha mphira wabwino. Zigubu zopangidwira mafuta a galimoto ndizo zoyenera. Za mafuta ophikira n'zopyapyala, zimatupa padzuwa ndipo zimadontha pakamwa. Pothira, chigubu chikhale pansi osati pagalimoto.

e) Musadzaze mpaka pakamwa. Limbe ali pamtunda ndipo m'mawa kumazizira, makamaka nthawi ya chiperoni, pamene kunyanja kumatentha. Petulo amafufuma akatentha. Malita 20 ogulidwa kukuzizira madigiri 15 amawonjezekera ndi pafupifupi mamililita 400 akafika kumalo otentha madigiri 35. Akasowa malo amakankha chitsekerero n'kumadontha.

f) Musakwere ndi petulo m'minibasi ya anthu ndipo musamuike pamodzi ndi nsomba kapena ufa. Panjira zigubu ziime chilili, zomangidwa, zofundidwa kuti zisalowe fumbi kapena mvula, ndipo pafupi pasakhale wosuta fodya.

g) Oyilo gulani wa m'botolo lomata lochokera kufakitale, wolembedwa kuti ndi wa injini za maboti. Ambiri amakhala ndi chizindikiro cha TC-W3. Oyilo woyezedwa m'timabotolo pamsika simungadziwe kuti ndi wa mtundu wanji.

KUSUNGA MAFUTA PAKHOMO

Mafuta asungidwe pamthunzi, m'kanyumba kapadera kolowa mphepo, kutali ndi khitchini, uvuni wowambira nsomba ndi chipinda chogona. Mpweya wa petulo ndi wolemera, umayenda chapansipansi ndipo ungakapeze moto wa mbaula kapena koloboyi patali ndithu. Ana asamafikeko.

Lembani chigubu chilichonse ndi penti: PETULO, WOSAKANIZA, DIZILO, PARAFINI. Chigubu cha mafuta chisatungire madzi, ndipo cha madzi chisalowe mafuta. Ngati muli ndi mgolo, uikeni pamatabwa mopendeketsa pang'ono kuti madzi a mvula asadikhe pamwamba pozungulira chitsekerero, chifukwa mgolo ukazizira umayamwa madziwo. Payipi yotungira isafike pansi penipeni, itsale ndi mpata wa zala zinayi kapena kuposa. Yambani kugwiritsa ntchito mafuta akale musanatsegule atsopano.

Musamakoke mafuta ndi pakamwa. Petulo kapena parafini akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo choopsa. Gwiritsani ntchito payipi ya kampira kopopera. Munthu akameza mafuta musamusanzitse, thamangani naye kuchipatala.

NJIRA ZITATU ZOYESERA MAFUTA

Botolo. Pezani botolo lagalasi loyera ndi louma. Thiranimo mafuta ochokera pansi pa chigubu, liikeni pamalo osagwedezeka kwa mphindi khumi, kenako liyang'aneni moloza kuwala. Mafuta abwino amaoneka mbee, mpaka mungaone chala kuseri kwa botolo. Akaoneka achifunga, muli madzi. Mukaona mzere wolekanitsa zapamwamba ndi zapansi, kapena timikanda tamadzi tikugubuduzika pansi, mafutawo asapite panyanja.

Pepala. Dontheza petulo pang'ono pa pepala loyera n'kudikira. Petulo weniweni amauma msanga osasiya banga. Akasiya banga lamafuta ndiye kuti muli parafini, dizilo kapena oyilo. Kuyesaku kuchitike musanasakanize oyilo wanu, apo ayi pepala lidzakunamizani.

Kudikhitsa. Chigubu chimene chafika lero chigone usiku umodzi chisanathiridwe m'thanki, ndipo mgolo ukhale tsiku lathunthu. Pothira, pendeketsani pang'onopang'ono osakhutchumula, n'kusiya pafupifupi theka la lita pansi. Zotsalazo thirani m'botolo loyesera lija. Zikakhala zoyera mudzazigwiritsa ntchito, simunataye kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

KUSAKANIZA OYILO

Mainjini ambiri a m'madoko mwathu, monga a Yamaha Enduro, amafuna kuti oyilo asakanizidwe m'petulo. Muyeso wofala ndi gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, motere:

Malita 5 a petulo: mamililita 100 a oyilo
Malita 10 a petulo: mamililita 200 a oyilo
Malita 20 a petulo: mamililita 400 a oyilo
Malita 25 a petulo: mamililita 500 a oyilo

Injini yatsopano imafuna oyilo wowirikiza kawiri pa maola khumi oyambirira. Mainjini amasiyana, choncho tsatirani zimene zalembedwa m'buku la injini yanu. Injini imene ili ndi malo akeake othiramo oyilo ngati galimoto siifuna kusakaniza.

Yambani ndi kuthira oyilo ndi petulo pang'ono m'chigubu choyera, tsekani, khutchumulani, kenako onjezani petulo wotsalayo n'kukhutchumulanso. Oyilo akachepa injini imagwirana. Akachuluka imafuka utsi ndipo mapulagi amada. Musagwiritse ntchito oyilo wa galimoto, makamaka wakuda wotsitsidwa kale, chifukwa muli tizitsulo ndi mwaye.

POTHIRA M'THANKI NDI POYENDA PANYANJA

Tulutsani thanki m'boti n'kuiika pa thabwa kapena pa thumba loyera, osati pamchenga. Pukutani pakamwa pa thanki ndi pa chigubu musanatsegule. Gwiritsani ntchito fanulo yokhala ndi sefa ya mawaya ang'onoang'ono, ndipo mukatha isungeni m'jumbo yomanga. Ngati mulibe, nsalu yoyera ya thonje yosathothoka ulusi imagwira zinyalala, koma dziwani kuti siigwira madzi. Nsalu ya nayiloni ndi yoopsa chifukwa imatha kuthetheka moto. Musathire mafuta mvula ikugwa, kapena pafupi ndi nyali ndi mabatire a magetsi owalitsira usipa.

M'boti, thanki ikhale pamalo okwera kuti isamire m'madzi apansi, ndipo ifundidwe kuti mafunde ndi dzuwa zisaipeze. Pa chitsekerero pali kabawuti kolowetsa mpweya. Katsegulidwe injini ikamalira, katsekedwe mukafika kumtunda. Cholumikizira payipi chisagwere mumchenga kapena m'madzi.

Musananyamuke yang'anani kasefa kamene kali m'kati mwa chivundikiro cha injini. Mukaona madzi kapena zinyalala, kamasuleni n'kukatsuka ndi petulo woyera. Finyani kampira kopopera mpaka kalimbe, ndipo onani ngati payipi ili ndi ming'alu. Kamodzi pamwezi khuthulani thanki yonse, itsukeni ndi petulo pang'ono n'kuona zimene zatuluka. Ngati boti liima kwa masabata angapo, monga pa nyengo yotseka nyanja, khetsani mafuta onse m'kabuleta kuti asasanduke phula.

Gawani mafuta a ulendo patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwerera ndipo lachitatu losungira zadzidzidzi. Kubwerera mokumana ndi mwera, boti litadzaza, kumadya mafuta ambiri kuposa popita. Gawo losungiralo likhale m'chigubu chapadera choyesedwa kale, kuti thanki ikaipa mukhale ndi pothawira. M'boti musasowe mapulagi apadera, sipanala ya pulagi, sikuludiraiva, chingwe china cholizira injini, tochi ndi majekete oyandamitsa.

INJINI IKAYAMBA KUTSAMWA PAKATI PA NYANJA

1. Chepetsani moto ndipo lozetsani boti kumene mafunde akuchokera. Aliyense avale jekete ndi kukhala pansi.
2. Injini ikazima, ponyani nangula ngati pali posaya. Ngati ndi pakuya, mangani ndowa pa chingwe chachitali n'kuiponya kutsogolo kwa boti kuti lisagone chopingasa.
3. Onani kabawuti ka mpweya. Kampira kopopera kakaphwa ndiye kuti kabawutiko n'kotseka kapena payipi yatsekeka m'thanki.
4. Yang'anani kasefa. Mukapezamo madzi, mafuta a m'thankiyo musawagwiritsenso ntchito.
5. Masulani kabawuti kapansi pa kabuleta, khetserani zimene zilimo m'kachitini, popani mafuta oyera a m'chigubu chapadera mpaka adutse, kenako mangani.
6. Pukutani mafuta onse otayika, sinthani mapulagi ngati anyowa, ndipo lizani injini.

Pochita zonsezi fodya azimitsidwe ndipo muunikire ndi tochi basi. Zikakanika, imbani lamya kumtunda msanga batire isanathe, ndipo musachoke m'boti n'cholinga chosambira.

KWA ENI MABOTI A DIZILO

Maboti okoka makoka ndi onyamula katundu amene ali ndi injini ya dizilo ya m'kati amafuna mafuta oyera koposa, chifukwa zitsulo za m'pampu ndi m'mainjekita zimagwirana mothina kwambiri. Masefa a dizilo amayezedwa m'mamaikuloni. Maikuloni imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000, ndipo tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mamaikuloni 70. Pakati pa thanki ndi injini payenera kukhala sefa yolekanitsa madzi ya mamaikuloni 30 kapena 10, kenako sefa yosalala kwambiri ya painjini penipeni. Khetsani madzi pansi pa sefa yoyambayo m'mawa uliwonse, yendani ndi masefa apadera, ndipo pakhale anthu awiri m'boti odziwa kusintha sefa ndi kutulutsa mpweya m'mapayipi. Dzazani thanki madzulo pobwera kunyanja kuti usiku musalowe chinyezi. Masefa akayamba kutsekeka pafupipafupi ndi zinthu zakuda, kusintha sefa kokha sikuthandiza, thanki iyenera kutsegulidwa ndi kutsukidwa.

NTCHITO YA KOMITI YA PAGOMBE

Makomiti a pagombe, amene timawatchula kuti ma BVC, anayamba ku nyanja ya Malombe mu 1993, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linapatsa asodzi mphamvu zotenga nawo mbali posamalira nsomba. Moyo wa asodzi ndi ukhondo wa gombe ndi mbali ya udindo umenewu. Komiti, mogwirizana ndi mfumu ndi mlangizi wa za usodzi, ingathe kuchita izi:

Kusankha malo amodzi othirira mafuta, kutali ndi matandala oyanikapo usipa, mauvuni ndi potunga madzi amayi.

Kugula fanulo ya sefa, botolo loyesera ndi kapu yoyezera oyilo zoti asodzi onse azibwereka.

Kuthandiza eni maboti kusonkherana kuti agule mafuta pamodzi pamalo ovomerezeka, ndi kuwalembera kalata yowachitira umboni pamene chilolezo chikufunika.

Kulemba m'buku boti lililonse limene injini yake yazima panyanja, tsiku lake ndi kumene mafuta anagulidwa. Pakapita miyezi bukulo lidzaonetsa lokha kumene vuto likuchokera.

Kusunga botolo la mafuta oipa pamodzi ndi lisiti n'kukadandaula ku MERA kapena kupolisi. Komiti isalande katundu wa munthu kapena kuweruza yokha.

Kuletsa kutaya mafuta oipa ndi oyilo wakale m'nyanja, mumchenga kapena m'mabango. Mafuta amayala pamwamba pa madzi osaya pamene nsomba zimaswana ndi kukulira, amanunkhitsa nsomba zimene tikufuna kukagulitsa ku Limbe, ndipo madzi omwewo ndi amene ana athu amasamba ndi kumwa. Pakhale mgolo wotseka, wolembedwa bwino, wosonkhanitsira zoipazo, ndipo mlangizi athandize kupeza kokazitaya.

POMALIZA

Injini ya boti ndi chuma chachikulu chimene mabanja ambiri anachipeza atagulitsa nsomba kwa zaka kapena atatenga ngongole. Ikawonongeka, munthu amakwera ulendo wokasaka zitsulo ku Limbe, boti limakhala pamtunda, alovi amasowa cholowa ndipo ngongole imangokulirakulira. Theka la lita limene mwasiya pansi pa chigubu ndi lotsika mtengo kuposa pisitoni, ndipo silingafanane n'komwe ndi moyo wa anthu amene ali m'botimo.

Amayi amene mukupita ndi nsomba mumzinda, funsani lisiti ndipo onani ngati botolo la oyilo ndi lomata. Alovi, musaope kupempha kuti muone mafuta m'botolo musanakwere, chifukwa moyo umene ukupita panyanjawo ndi wanu. Eni maboti, yesani mafuta madzulo kukadawala. Pa msonkhano wotsatira wa komiti yanu, bwerani ndi botolo, pepala loyera ndi chigubu chimodzi kuti aliyense aone ndi maso ake mmene kuyesaku kumachitikira. Kupewa kumaposa kuchiza.